Ma script a Nmap: yambani ndi kuwerenga a anzanu

Wophunzira wina wa zamakompyuta wandifunsa kuti: "Ndikufuna kulemba nawo ma script a Nmap kuti ndidzakhale ndi choonetsa pofunsira ntchito. Ndiyambire pati?"

Maganizowo ndi abwino, koma musathamangire kulemba yanuyanu. Nmap, pulogalamu yofufuza makompyuta a pa netiweki yomwe Gordon Lyon anatulutsa mu 1997, ili kale ndi ma script (timapulogalamu towonjezera ntchito zake) opitirira 600, moti chimene woyamba kumene amaganiza kulemba nthawi zambiri chimakhala chilipo kale. Onsewo analembedwa mu Lua, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Ngati Python mumaidziwa, Lua siikuvutani, kungoti imayamba kuwerenga pa 1 osati pa 0, ndipo kameneka kamapunthwitsa ambiri masiku oyamba.

Tsegulani foda ya scripts, musankhe http-title.nse, muiwerenge mzere ndi mzere. Pamwamba mupeza mawu ofotokoza ntchito yake ndi gulu lake, monga safe kapena discovery. Kenako pali portrule, imene imauza Nmap nthawi yoyendetsa script, tinene ikapeza port 80 (chitseko cha kompyuta chodzera mawebusaiti) ili yotsegula. Ntchito yeniyeni ili mu action. Zinthu ngati kutumiza pempho la HTTP zinakonzedwa kale mu foda ya nselib, musadzivutitse kuzipanganso. Sinthani mzere umodzi, muyendetse ndi --script-trace, muone ndi maso anu zimene zikupita ndi zimene zikubwerera. Ikakana, wonjezerani -d, ikuuzani pamene yagwa.

Koma poyesera pake samalani. Yeserani pa kompyuta yanu kapena pa virtual machine (kompyuta yoyerekezera yoyenda mkati mwa yanuyo). Eni Nmap amalolanso scanme.nmap.org, bola kangapo chabe patsiku, osati usiku wonse. Netiweki ya sukulu kapena ya kuntchito musaikhudze popanda chilolezo cholembedwa. Mawu akuti "ndimangophunzira" sadzakupulumutsani, chifukwa woyang'anira netiweki amangoona kuti wina akugogoda zitseko zonse.

Choyamba kutumiza kwa eni Nmap chikhale chaching'ono. Pa GitHub ya Nmap, webusaiti yomwe code yake imapezeka, pali madandaulo a ma script amene anasiya kugwira bwino ntchito. Konzani imodzi, mulembe mmene mwayesera ndi zimene zatuluka, mutumize pull request, pempho loti alandire zimene mwasinthazo. Yankho limatha kuchedwa, ndipo angakubwezereni kuti mukonzenso kawiri katatu. Musakwiye nazo. Ineyo ndikanakhala wolemba ntchito, ndikanayamba kuwerenga zokambiranazo, ndione mmene munayankhira atakudzudzulani, ndisanafike n'komwe pa script yanuyo.