Funsani za malamulo: Anandigoneka mu selo masiku 9, kodi nthawi yosumira boma yatha?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndine msodzi kuno ku Nkhotakota. Zaka ziwiri zapitazo injini ya boti la abwana anga inabedwa usiku ndiye apolisi anangotitola tonse ogwira ntchito pabotipo, ine ndinakhala mu selo masiku 9 osaonekera ku khoti komanso anandimenya moti mkono wamanjawu mpaka pano sukoka bwino chilimira. Kenako anandipatsa belo ndimakasayina mpaka tsiku lina anangoti basi musabwerenso injini yapezeka kwa wina. Anzanga akuti boma silisumiridwa, alamu anga akuti ndili ndi zaka 6 ndisathamange. Zoona ndi ziti? Wodandaula, Nkhotakota.

YANKHO: Pepani bambo. Anzanuwo akunama, boma limasumiridwa ndipo anthu amawina ndithu. Alamu anu anena zoona koma theka chabe, ndipo theka limene asiyalo ndi limene lingakugwetseni.

Poyamba, malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 42, amati munthu akamangidwa apititsidwe ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa wikendi kapena pa holide ndiye apite tsiku loyamba limene khoti latsegula. Masiku 9 ndi kuphwanya lamulo kumeneko, palibe zokambirana.

Tsono za nthawi. Lamulo lotchedwa Limitation Act limapereka zaka 6 pa milandu yolakwirana ngati iyi yotsekera munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo kuwerenga kumayamba tsiku limene munatuluka mu selo, osati tsiku limene mwadziwa kuti mungasume ayi. Koma lamulo lomwelo lili ndi kamchira: ngati chipukuta misozi chimene mukufuna chikukhudza kuvulala m'thupi chifukwa wina sanasamale kapena waphwanya udindo wake, nthawi imatsika kufika pa zaka 3. Inu nkhani yanu yaikulu ndi mkono, chifukwa ndi umene ukukudyetsani. Kaya kumenyedwa dala kumagwa pa zaka 6 kaya pa 3, maloya akhoza kukangana tsiku lonse, ndiye inu mulowerenji mu mkangano umenewo pamene a boma akungofuna pothawira? Werengerani zaka 3 basi.

Ndiye pali china chimene anthu ambiri sachidziwa. Simungangodzuka lero mawa n'kukasuma. Lamulo la milandu yosumira boma limati mulembe kaye kalata yochenjeza kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma ku Lilongwe, kufotokoza kuti ndinu ndani, chinachitika n'chiyani ndipo mukufuna chiyani, kenako mudikire miyezi 3 musanapite ku khoti. Musaganize kuti kalatayo yaimitsa wotchi, chimene chimaimitsa ndi kutsegula mlandu ku khoti. Tsono chotsani miyezi 3 pa zaka 3 zija, muchotsenso ziwiri zimene zapita kale, muona nokha kuti chotsala ndi miyezi yowerengeka, osati zaka 4 zimene alamu akulota. Kalatayo mukapereka, kope lanu alidinde chidindo cha tsiku, musalole zoti "siyani pomwepo tiona".

Amene mumamusumira ndi Attorney General, chifukwa wapolisi anali pa ntchito ya boma, ndipo kwa inu a ku Nkhotakota mlandu wotere umapita ku High Court ku Lilongwe.

Owerenga ena amene mlandu wawo unafika ku khoti n'kuwina, zawo n'zosiyana pang'ono: ngati akudandaula zoti anazengedwa mlandu mwa nkhanza popanda umboni, nthawi imayamba tsiku limene mlanduwo unathera mowakomera. Kwa mwana wosakwana msinkhu kapena wodwala misala lamulo limadikirako. Koma umphawi, mantha ndi kusadziwa, lamulo silimva zimenezo, ngakhale ine ndimaona kuti apa limapweteka anthu akumudzi amene transipoti yokha ya ku Lilongwe ndi nkhani.

Sabata ino fufuzani kapepala ka belo kaja ngakhale kang'ambike m'mapindiro, bola deti ndi chidindo zikuoneka. Tengani buku lanu la kuchipatala pamene analemba za mkonowo, ndipo ngati simunapite nthawi imeneyo pitani pano adokotala aulembe mmene ulili. Lembani maina a anzanu amene munali nawo mu selo, asodzi paja sakhalira doko limodzi, mawa mumva ali ku Senga Bay. Ndalama ya loya ngati palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi yomweyi, ndipo chinthu choyamba kuwauza ndi deti limene munatuluka.

Kukadandaula ku Independent Complaints Commission, bungwe lofufuza madandaulo okhudza apolisi, kapena kwa Ombudsman, amene amamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, pitani ndithu, koma muchite limodzi ndi kalata ija chifukwa pamene iwo akufufuza masiku anu a ku khoti amakhala akutha.