Za Neer mwafunsa zija achemwali, nazi

Achemwali mwafunsa kuti Neer amene akungotuluka pena paliponse m'manotsi anu a mafupa anali ndani, komanso ngati zili zoona kuti opaleshoni yake ya phewa inapezeka kuti siithandiza. Zoona zilimo koma anthu amaikokomeza nkhaniyi, ndiye pepani ndilemba zambiri.

Charles Neer anali dokotala wa mafupa wa ku America, anabadwa 1917 ku Oklahoma ndipo anamwalira 2011, ntchito yake yambiri anagwirira ku Columbia-Presbyterian ku New York. Nthawi imene ankayamba, munthu akaphwanyika mutu wa fupa la kumtunda kwa mkono, humerus ija, madokotala ankangochotsa zidutswazo, mkono n'kukhala wongolendewera, kapena kuumitsa phewa lonse kuti lisamayendenso. Mu 1955 iyeyu analemba za odwala 12 amene anawaika mutu wachitsulo cha vitallium m'malo mwa wophwanyikawo. Sanali woyamba ayi, Péan wa ku Paris anayesapo mu 1893 ndi platinum ndi labala koma anachichotsa patangopita zaka ziwiri. Cha Neer ndi chimene chinakhalitsa mpaka madokotala ena kuyamba kutengera, ndipo mapewa oikirira a masiku ano anayambira pamenepo. Apa palibe amene amamutsutsa.

Chimene chikukuvutitsani pa mayeso ndi cha 1970, classification ija, njira yogawira mathyokedwe a humerus kumtunda. Anatenga ganizo la Codman wa ku Boston la 1934 loti fupali likathyoka kumtunda limagawika m'zigawo zinayi, mutu, timatunda tiwiri ta pafupi ndi mutuwo totchedwa greater tuberosity ndi lesser tuberosity, ndi thunthu lake, ndiye iye anawonjezera lamulo loti chigawo muzichiwerenga pokhapokha chasuntha kupitirira 1 cm kapena chapendekeka kupitirira madigiri 45. Ndiye fupa likhoza kukhala ndi ming'alu itatu pa X-ray koma ngati palibe chasuntha ndi one-part basi, ambiri amalakwa pamenepa. Koma mu 1993 kunatuluka kafukufuku, wina wa Sidor ndi anzake wina wa Siebenrock ndi Gerber, woonetsa kuti madokotala akapatsidwa X-ray imodzimodzi sagwirizana kuti ndi ya zigawo zingati, ngakhale dokotala yemweyo akaionanso tsiku lina amatha kusintha maganizo. Chodabwitsa n'choti mpaka lero dokotala akaimbira mnzake foni amangoti three-part, winayo wamva kale.

Tsopano nkhani ya opaleshoni ija. Mu 1972 Neer analemba mu Journal of Bone and Joint Surgery kuti kupweteka kwa phewa kosatherapo kumabwera chifukwa minyewa yozungulira phewa yotchedwa rotator cuff imakhuzika kunsi kwa fupa la pamwamba lija, acromion, munthu akamakweza mkono, ndiye mankhwala ake n'kupala fupalo chakutsogolo kuti papezeke mpata. Mu 1983 anafika ponena kuti 95% ya kung'ambika kwa rotator cuff kumayamba choncho. Ganizoli ndi losavuta kumva, chinthu chikukhuza chichotseni, ndiye linafala ngati moto wolusa makamaka atayamba kuchita ndi kakamera kolowetsa pa kabowo, kunja kuja inasanduka imodzi mwa maopaleshoni a phewa ochitika kwambiri.

Vuto linali loti kwa zaka zambiri palibe anaiyesa moyenera. Mu 2018 gulu la ku Oxford linatulutsa mu magazini ya zachipatala ya Lancet kafukufuku wotchedwa CSAW, odwala 313 anagawidwa patatu, ena anapalidwa fupa, ena anangolowetsedwa kamera osapala chilichonse koma iwo osadziwa, ena sanachitidwe kanthu. Opalidwa aja ndi ongolowetsedwa kamera aja anachira mofanana. Chaka chomwecho a ku Finland anapezanso zomwezo mu kafukufuku wa FIMPACT, ndipo mu 2019 akatswiri kudzera mu magazini ya BMJ analangiza kuti opaleshoniyi isamachitike kwa anthu a ululu wotere, ayambe ndi mafizo ndi mankhwala opha ululu. Ndiye eya, pa ichi Neer anapitirira muyeso, ndipo 95% ija anaitenga pa zimene ankaona yekha m'fiyeta ndi pa mitembo, panalibe gulu loyerekezera nalo. Kungoti musasokoneze, kafukufukuyu anali wa anthu amene minyewa yawo sinaduke, wina amene rotator cuff yaduka atagwa ndi nkhani ina.

Ine ndimaona kuti kulakwa kumeneku kumawakhudzanso amene anabwera pambuyo pake, anali ndi zaka zoposa 40 zoti ayese koma ankangopala. Ndipo ofufuza a pambuyo pake pofotokoza mathyokedwe a odwala ankagwiritsabe ntchito matanthauzo ake omwe. Kafukufuku wa PROFHER wa 2015 mu magazini ya JAMA, odwala 250 ku UK, anatenga anthu amene humerus inathyoka kumtunda n'kusuntha, n'kupeza kuti patatha zaka ziwiri ochitidwa opaleshoni sanapose ongokoleka mkono pa sling. Imeneyi ikutikhudza ife kuno kumene zitsulo zoika m'phewa sizipezeka wamba, gogo akagwa n'kuthyoka pamenepa sling ndi mafizo si chithandizo cha amphawi ayi. Koma ambiri mu kafukufukuyo anali achikulire, musatengere pa mnyamata wa kabaza amene phewa lathyoka n'kugulukanso, ameneyo mutumizeni kwa dokotala wa mafupa msanga.

Zina mwachidule, mu 1982 anayambitsa bungwe la American Shoulder and Elbow Surgeons n'kukhala pulezidenti wake woyamba, ndipo mu 1983 iye ndi Craig ndi Fukuda anafotokoza cuff tear arthropathy, kuonongeka kwa mfundo ya phewa chifukwa cha kung'ambika kwa rotator cuff, matenda amene chitsulo cha Neer sichinkawatha bwino mpaka Grammont wa ku Dijon anabwera ndi phewa loikirira lotembenuza mu 1985.

Pa mayeso a practical samalani, Neer sign ndi pamene mwagwira scapula, fupa la kumbuyo kwa phewa, ndi dzanja limodzi n'kukweza mkono wa wodwala chakutsogolo iye n'kumva kupweteka, Neer test ndi pamene mwabaya lignocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, kunsi kwa acromion n'kubwerezanso kuti muone ngati ululu watha. Ma examiner ena amakonda kukolera pamenepo.