Ndibzale maluwa ati akutchire kuti agulugufe ndi mbalame zizibwera pakhomo?

Mayi ena andilembera imelo. Akuti ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba ndipo akufuna kubzalapo maluwa akutchire oti azikopa njuchi, agulugufe ndi mbalame. Agula kale paketi ya njere zosakaniza, ndiye akufunsa ngati angofesa kapena pali zofunika kusankha.

Mayi, musanafese, itembenuzeni paketiyo muwerenge mayina a maluwa amene alimo. Duwa lililonse ndi lakutchire kwinakwake, koma lofunika kwa inu ndi limene linkamera lokha m'dera lanulo anthu asanayambe kutenga mbewu kutsidya kwa nyanja. Mapaketi ambiri amasakaniza maluwa a m'mayiko osiyanasiyana pongofuna kuti aoneke bwino. Ngati mayina sanalembedwe, ine sindingafese.

Chifukwa chachikulu ndi mbozi. Gulugufe wamkulu amamwa timadzi totsekemera pa maluwa ambiri, koma mazira amaikira pa zomera zochepa zimene ana ake angadye. Gulugufe wa monarch wa ku North America, uja amauluka ulendo wautali kupita ku Mexico nyengo yozizira, mbozi zake zimadya masamba a chomera chotchedwa milkweed basi. Popanda chomeracho, ngakhale dimba litadzaza maluwa, m'badwo wotsatira sukhalapo. Ndipo mbalame zambiri zing'onozing'ono, ngakhale zodya njere, zimalera anapiye ndi mbozi ndi tizilombo tina tofewa. Choncho mukadzaona masamba atabooledwa, musathamangire mankhwala. Dimbalo layamba kugwira ntchito imene munalibzalira.

Ubale wa duwa ndi chamoyo cha kwawo umazama kwambiri nthawi zina. Mu 1862 katswiri wa sayansi ya zamoyo Charles Darwin ataona duwa lina la ku Madagascar lokhala ndi kampope kotalika pafupifupi masentimita 30, ananena kuti kuyenera kuti kuli njenjete ya mlomo wautali chomwecho. Njenjeteyo inadzadziwika mu 1903, iye atamwalira kale. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa imatiphunzitsa kuyang'ana kapangidwe ka duwa posankha. Maluwa ofiira onga kampope, monga a aloe, amaitana mbalame ya choso. Njuchi siziona bwino mtundu wofiira, zimakonda a buluu, a pepo ndi achikasu. Oyera onunkhira madzulo ndi a njenjete. Maluwa aja amene anthu anawasintha kuti akhale othithikana ngati mpira, nthawi zambiri amakhala ndi mungu wochepa ndipo njuchi imalephera kulowamo.

Pali msampha umodzi umene wakola anthu ambiri a mtima wabwino. Lantana amadzaza agulugufe tsiku lonse, moti munthu amaganiza kuti wapeza duwa labwino koposa. Kwawo kwa lantana ndi kumadera otentha a ku America. Atamutengera ku Africa, India ndi Australia ngati duwa lokongoletsa, mbalame zinamwaza njere zake ndipo wapha zomera zachilengedwe m'malo ambiri, komanso masamba ake ndi poizoni kwa ziweto. Bungwe la IUCN, loteteza zachilengedwe padziko lonse, linamuika pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa kumalo achilendo. Namasupuni nayenso anachoka ku South America chifukwa cha duwa lake lokongola. Chonde, ngati m'paketimo muli chomera chodziwika kuti chimalanda malo, chisiyeni.

Nanga mudziwa bwanji za kwanuko? Yendani m'mbali mwa msewu, m'dambo kapena m'tchire lapafupi pa nyengo zosiyanasiyana, muone chimene chikuchita maluwa ndi chimene chikuterapo. Jambulani, mufunse odziwa zomera kapena muyike chithunzicho pa iNaturalist, pulogalamu ya pa intaneti yothandiza kuzindikira zamoyo, chifukwa si chilichonse chomera chokha chimene chili cha kumeneko. Musazule zomera kutchire, zambiri zimafa zikasamutsidwa. Tolani njere pang'ono pamene n'zololedwa, zambiri muzisiye. Sankhani kuti ena azichita maluwa koyambirira kwa nyengo, ena pakati, ena mochedwa pamene chakudya chasowa, ndipo mtundu uliwonse muubzale pagulu kuti njuchi iupeze msanga.

Feteleza musathire. Maluwa ambiri akutchire anazolowera nthaka yosauka, mukainenepetsa udzu ndi umene umakula n'kuwaphimba.

Mukamagula mbande ku nazale, funsani ngati zinathiridwa mankhwala a mtundu wa neonicotinoid, amene amalowa m'chomera chonse mpaka mu mungu. European Union inaletsa atatu mwa mankhwalawa kugwiritsidwa ntchito panja mu 2018 pofuna kuteteza njuchi. Komanso musasese paliponse. Padziko pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yambiri sikhala m'ming'oma. Mwa mitundu yambiri yotereyi, njuchi iliyonse imakumba kauna kake pansi kapena kulowa mu phesi louma. Siyani kachigawo ka dothi lopanda kanthu pamalo owomba dzuwa, ndipo mapesi a maluwa akauma musawadule mpaka nyengo yotsatira itayamba.