Phulusa, laimu ndi feteleza: zomwe zimachitika mukazisakaniza

Bambo ena andifunsa sabata ino kuti alangizi, feteleza wadula nde ndinatenga SA ndikusakaniza ndi phulusa kuti achuluke, koma nditawaza timadzi panatuluka fungo ngati la mkodzo wa mkhola mpaka kutulutsa misozi, kodi anandigulitsa wafeki?

Ayi bambo, fetelezayo anali bwinobwino, fungo lija ndi ndalama zanu zikuuluka. SA, kutanthauza feteleza wa salifeti ya amoniya, ali ndi nayitrojeni 21 peresenti ndipo nayitrojeniyo amakhala ngati amoniyamu, pomwe phulusa lili mbali ya zinthu zomwe asayansi amati alikali, gulu limodzi ndi soda, laimu ndi kostiki wopangira sopo. Amayi amazidziwa bwino izi, chidulo chomwe amatcheza paphulusa chija chimafewetsa therere ndi masamba olimba chifukwa cha mphamvu yomweyo. Nde alikali akakumana ndi amoniyamu pachinyezi amamusandutsa mpweya wa amoniya, basi wapita kumwamba, chimanga chanu osalawako. Urea, yemwe ali ndi 46 peresenti, samachita changu ngati SA koma akanyowa ndikukhudzana ndi dothi kapena ndowe nayenso amasanduka amoniyamu, mapeto ake ndi omwewo.

Ndikudziwa ena mufunsa kuti nanga feteleza wa Mbeya bwanji poti timathiramo phulusa? Eya timathira, koma taonani kuti mumakhala gaga ndi ndowe zambiri, timadzi tochepa, ndipo timamanga ndithu mthumba lokhala ndi pepala lapulasitiki mkati kwa masabata atatu. Kumanga kuja si mwambo chabe, nkuti mpweya usathawe. Ine ndaonapo munthu atasiya thumba kukamwa pululu pakhonde, wina anachulutsa phulusa poti ndi laulere, awa anangopanga manyowa wamba.

Mayi ena a ku Mulanje nawo akuti chimanga chikumakhala chachifupi, masamba ofiirira, chonsecho amathira feteleza chaka ndi chaka, ndipo anzawo awauza kuti akagule laimu wopaka nyumba amwaze mmunda.

Mayi, mwina nthaka yanu ili ndi asidi wambiri, zomwe sizachilendo kumadera a mvula yambiri ngati kwanuko, tiyi amakonda dothi lotero koma chimanga ayi. Asidi wa mdothi timamuyeza ndi muyezo wotchedwa pH, 7 ndiye pakati, ikatsika kupyola 5.5 mizu imapsa ndi aluminiyamu ndipo fosiforasi amagwidwa mdothi, mbewu osamupeza. SA yemweyu mukamathira zaka zambiri amawonjezera asidi kuposa urea ndi feteleza wa CAN, izi ambiri sadziwa.

Laimu wa kumunda ndi mwala wogaya basi, wosawotcha, amalimbana ndi asidi pang'onopang'ono. Mukafuna kuona ndi maso tengani pang'ono pa supuni mudonthezere madzi a ndimu kapena viniga, muona thovu likuti fwaa, ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi umenewo, ndipo asidi uja watha mphamvu. Wopaka nyumba uja anadutsa pamoto, ndi waukali, amawotcha manja ndi maso ndipo mukamuchulutsa, mbewu zimapsa, nde ine sindingakulimbikitseni. Wa kumundayo mwazani miyezi iwiri kapena itatu musanadzale, mugaulire mdothi, feteleza abwere nthawi yake payekha. Kuchuluka kwake musaganizire, pitani kwa mlangizi wa ku EPA (ofesi ya zaulimi ya dera lanu) akuthandizeni kutumiza dothi kokayeza, malo ofufuza za ulimi a ku Bvumbwe ndi pafupi kwa inu, a chigawo chapakati kuli Chitedze.

Pomwepa nditchuleko a mnyamata ena omwe anati amathira sopo waufa ndi madzi a phulusa mu sipuleya pamodzi ndi mankhwala a mbozi kuti akhale amphamvu. Achimwene, mankhwala ambiri ngati dimethoate amawonongeka msanga mmadzi a alikali, mukungowafooketsa. Madzi oyera, muyezo wa pabotolo, mupopere tsiku lomwelo.

Ndipo za madzi a mubatire, awo ndi asidi waukali wa salifa, musayesere nawo laimu ngati momwe ndanenera za ndimu zija, amaboola malaya ndi khungu lomwe. Akakudontherani tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 20, osapaka phulusa kapena soda pabalapo, kenako thamangirani kuchipatala.