Mafunso a owerenga: tsiku limodzi pagalimoto kuzungulira Cape Point

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Cape Town ndipo makolo anga akubwera kuchokera ku Zomba mu Disembala. Ndapeza galimoto ya tsiku limodzi. Ndikufuna akaone nyanja ndi mapengwini. Tiyambire mbali iti?
Wowerenga wa ku Bellville

YANKHO: Yambirani ku Muizenberg, mudzatulukire ku Hout Bay. Ku South Africa galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, choncho mukazungulira motere nyanja imakhala mbali yanu tsiku lonse, ndipo pofuna kuima simudula msewu. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 150. Thirirani mafuta m'tauni, chifukwa m'paki ya ku Cape Point mulibe pothirira.

Nyamukani 7 koloko m'mawa, mutsike ndi msewu wa M3. Ku Muizenberg theka la ola likwana: jambulani pa tinyumba tamitundumitundu ta pagombe, basi. Ngati wina akufuna kusambira, asambire mbali ino ya nyanja, yotchedwa False Bay, poti madzi a mbali ya Atlantic amazizira kwambiri ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sairini ikalira, ndiye kuti kwaoneka shaki, tulukani m'madzi.

Kenako tsatani M4 kudutsa Kalk Bay ndi Fish Hoek mpaka Simon's Town, tauni ya asilikali a pamadzi. Msewu umenewu ndi wopapatiza ndipo mu Disembala galimoto zimathithikana pofika 10 koloko. Mapengwini, mbalame za m'nyanja zosauluka, ali ku Boulders Beach, kungopitirira tauniyo pang'ono. Anakhazikika pamenepa m'ma 1980, ndipo mu 2024 anaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, makamaka chifukwa nsomba zomwe amadya zachepa. Yendani pa milatho yamatabwa imene anakonza. Ana asagwire mapengwiniwo, mlomo wake umacheka. Musanalize injini suzumirani kunsi kwa galimoto, nthawi zina amabisala kumeneko.

Pa geti la Boulders ndi la Cape of Good Hope (lolowera ku Cape Point) mitengo yolowera imasiyana: wokhala ku South Africa, wa m'maiko a SADC, ndi wochokera kutali. Makolo anu ndi a SADC, koma akasiya mapasipoti kunyumba adzalipira mtengo wa alendo akutali. Tengani khadi ya kubanki, osadalira kashi.

Ku Cape Point kuli nsanja ziwiri za nyali zowongolera sitima. Yakale anaimanga pamwamba kwambiri, ndiye nkhungu inkaiphimba; sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania itasweka mu 1911, anamanga ina m'munsi. Chikweza chopita ku yakaleyo n'chovuta kwa achikulire, choncho akwezeni kasitima kokokedwa ndi chingwe. Anyamule majuzi, mphepo ya kumeneko siiona kuti n'chilimwe. Ndipo musawauze kuti afika pothera Africa chakum'mwera. Pothera penipeni ndi Cape Agulhas.

Pobwerera dzerani M65 ku Scarborough ndi Kommetjie, mukalowe Chapman's Peak Drive ku Noordhoek. Ndi makilomita 9 okha, koma makona ake ndi 114, ndipo mumalipira. Kukachita mphepo yamphamvu kapena miyala ikagumuka amautseka, ndiye fufuzani m'mawa. Akatseka, dzerani Ou Kaapse Weg.

FUNSO: Akuti anyani a ku Cape Point amatsegula okha zitseko za galimoto. N'zoona?
Mayi wa ku Masiphumelele

YANKHO: N'zoona, mayi, ndipo amene anawaphunzitsa ndi anthu owaponyera chakudya. Nyani wa kumunda kwathu amathawa munthu, koma awa anazolowera kuti chikwama chilichonse muli buledi. Mukawaona, kwezani magalasi ndi kukiya zitseko, kutseka chabe sikukwanira. Akagwira chikwama musalimbane naye, msiyireni. Adzatenga zodya n'kutaya zotsalazo. Kuwadyetsa ndi mlandu wa faindi, komanso nyani wozolowera kulanda nthawi zambiri amathera pophedwa ndi oyang'anira nyama. Yendetsani pang'onopang'ono m'pakimo, chifukwa nthiwatiwa ndi akamba amadutsa msewu osayang'ana.

FUNSO: Kodi mu Disembala tingaone anamgumi?
Wowerenga wa ku Dunoon

YANKHO: Mwayi ndi wochepa. Amayandikira gombe la False Bay kuyambira Juni mpaka Novembala. Mukadzapita nyengo imeneyo, kaimeni pa Boyes Drive, pamwamba pa Kalk Bay, m'mawa madzi asanayambe kuwinduka.