Khungu kapena ndalama? Yankho kwa achimwene a ku Mtandire

Achimwene ena a ku Mtandire anditumizira imelo, akufunsa kuti kodi zoti azungu ndi amwenye ali phee kumayadi pomwe ife tathithikana kuno, ndi nkhani ya khungu kapena ndalama basi?

Achimwene, ndi zonse ziwiri, kungoti zinabwera motsatana. Nthawi ya atsamunda tauni ino ya Lilongwe inagawidwa ndi mtsinje wa Lilongwe, azungu tsidya la ku Area 3 komwe kuli bwalo la gofu, amwenye ndi masitolo awo ku Area 2, akudafe n'kukankhidwira kuseri. Ndiye Kamuzu atati likulu lichoke ku Zomba, ngongole yoyambira inachokera ku boma la tsankho la South Africa, pulani ya 1968 anajambulanso ndi akatswiri a komweko, likulu n'kusamuka mu 1975. Papepala sanalembe za khungu ayi, analemba za mapuloti aakulu ndi aang'ono, koma taonani mmene anayalira, mabwana ku Area 10 ndi 43 kufupi ndi Capital Hill, anthu wamba ku Area 23 ndi 25 kutali uko, pakatipo n'kusiya tchire loti mpaka lero munthu umatha ndalama ya ndiwo pa minibasi kuti ukafike ku ntchito.

Za amwenye, kumbukirani kuti m'ma 1970 Kamuzu anawachotsa m'midzi kuti azichita bizinesi m'matauni mokha, nde kuchuluka kwawo mu Old Town sikunangochitika.

Koma chomwe chimandiwawa ine ndi ichi. Pulani ija inaika nyumba ya bwana, osaika poti agone mlonda wake, wochapa, wosesa pabwalo. Anthuwa anadzipezera okha malo pafupi ndi ntchito, n'chifukwa chake Mtandire wagundana ndi Area 47, Kauma ndi Area 12, Mgona ndi Kanengo. Taimani m'mawa pa Lingadzi muone amayi akuwoloka, chitenje chokwinya, kukachapa m'nyumba zomwe madzi amathirira kapinga, chonsecho kwawo adzuka usiku kukandanditsa zigubu pa kiyosiki n'kulipira ndowa iliyonse. Mu February 2017 mtsinje womwewo utasefukira, nyumba zomwe zinagwa ndi za zidina za ku Mtandire.

Lero kuseri kwa mipanda ya kumayadi kuli Amalawi akuda ambirimbiri, ena ndi amene amasaina mapepala a malo, nde tikangoloza amwenye ndi azungu amene akugawa phula ndi mapaipi apulumuka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda uno, ndipo oposa theka amakhala m'malo omwe khonsolo imawatcha osavomerezeka, ndiye poti ndi osavomerezeka msewu sufika, galimoto ya zinyalala siifika, kolera yokha ndiyo imafika.

Khansala wanu akadzaitanitsa msonkhano achimwene mupite, mukamufunse kuti ngalande ndi mlatho za Mtandire zili pa tsamba liti la bajeti ya khonsolo, ndipo mapepala a malo anu adzatuluka liti.