Mukafika ku Nairobi, chikumbutso cha Mayi Wangari Maathai mukachipeza pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe akupita ku Nairobi kukachita maphunziro. Akuti: "Ndamva zoti kuli msewu wa Wangari Maathai, kodi chikumbutso chawo ndi chomwecho basi? Komanso mayi odzala mitengo analandira bwanji mphoto ya mtendere, mitengo ndi mtendere zikukumana pati?"

Achemwali, msewuwo ulipodi, kale unkatchedwa Forest Road ndiye mu 2016 anausintha dzina. Ku yunivesite ya Nairobi kulinso Wangari Maathai Institute for Peace and Environmental Studies, ndipo bungwe la African Union mu 2012 linagwirizana kuti pa 3 Malichi, lomwe linali kale tsiku la zachilengedwe mu Africa, tizikumbukiranso mayiwa. Zonsezi nzabwino, sindikuzichepetsa ayi. Koma ine mutandifunsa kuti mupite kuti ngati muli ndi maola awiri okha, ndingakuuzeni kuti pitani ku Uhuru Park mukafunse pa Freedom Corner.

Kaye za sukulu, poti ambiri amangowadziwa ngati mayi a mitengo. Anabadwa mu 1940 ku Nyeri, anakaphunzira ku America, Kansas kenako Pittsburgh, nkubwerera kwawo, mu 1971 anatenga PhD pa yunivesite ya Nairobi pa za kapangidwe ka matupi a ziweto, mzimayi woyamba kufika pamenepo m'chigawo chonse cha kum'mawa ndi pakati pa Africa. Akanatha kungokhala phee mu ofesi nkumaphunzitsa mpaka penshoni, palibe akanawanena. Mu 1977 anayambitsa gulu lodzala mitengo la Green Belt Movement chifukwa amayi akumidzi ankadandaula za nkhuni kusowa, mitsinje kuuma, chakudya kuchepa. Anayamba ndi mitengo 7 yokha.

Tsono nkhani ya Uhuru Park. Mu 1989 boma la Daniel arap Moi linafuna kumanga chinyumba cha nsanjika 60 mkati mwa paki imeneyi, malo omwe anthu wamba opanda ndalama amakapumulako Lamlungu ndi ana awo. Mayiwa anakana, analemba makalata paliponse, ku nyuzipepala, kwa omwe amafuna kupereka ndalama, ku palamenti aphungu anawanyoza mpaka kunena gulu lawo kuti ndi la azimayi osiyidwa ukwati, ofesi yawo anawathamangitsamo nkukagwirira ntchito kunyumba, koma pamapeto pake chinyumbacho sichinamangidwe. Ndiye mukakaponda udzu wa mmenemo muzikadziwa kuti pakanakhala simenti.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi cha 1992. Amayi achikulire omwe ana awo anali m'ndende pa zifukwa za ndale anakakhala pakona ina ya pakiyo pa 28 Febuluwale, osadya, akufuna ana awo atuluke, Mayi Maathai ali nawo limodzi. Pa 3 Malichi apolisi anabwera ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi, mayiwa anamenyedwa mpaka kukomoka nkuwatengera kuchipatala. Ena mwa amayi aja anavula zovala pamaso pa apolisiwo, tangoganizani mayi wa msinkhu wa agogo anu kufika povulira ana oti akanatha kuwabereka, ndiye kuti mtima wafika pothera. Sanabwerere kumudzi, anasamukira ku tchalitchi cha All Saints chapafupi pomwepo ndipo anapirira pafupifupi chaka mpaka ana awo anatulutsidwa. Dzina loti Freedom Corner linachokera pamenepo.

Apa ndiye funso lanu lachiwiri lija layankhika theka. Mayi Maathai ankaona kuti nthaka, madzi ndi nkhalango zikamalandidwa ndi akuluakulu ochepa, otsalawo amayamba kulimbirana kotsalako, mtundu uwu ndi uwo, ndewu nkubuka. Pa zipolowe za mitundu ku Rift Valley m'zaka za m'ma 1990 anazionera pafupi zimenezi. Mu Januwale 1999 anamenyedwanso m'mutu ku nkhalango ya Karura atapita kukadzala mitengo pamalo omwe ankagawidwa mwachinyengo. Komiti ya Nobel mu 2004 inawapatsa mphoto potchula chitukuko chokhazikika, demokalase ndi mtendere, zitatu pamodzi, ndipo anali mzimayi woyamba wa mu Africa kuilandira. Karura ikadalipo, anthu amakayendamo, amathamangamo, ngati nthawi ilipo mukafikeko.

Anamwalira pa 25 Seputembala 2011 ndi khansa, ali ndi zaka 71. Mwambo wa boma wowatsanzika unachitikira pa Freedom Corner pomwe paja anamenyedwera. Bokosi lawo silinali la matabwa, iwo sanafune kuti mtengo ugwe chifukwa cha maliro awo, ndiye linalukidwa ndi namasupuni ndi gumbwa pa chimango cha nsungwi, kenako thupi linawotchedwa monga anafunira. Ine nditaona chithunzi cha bokosi lija koyamba ndinangoti kakasi, misozi ili lengelenge.

Mukakafika pakona paja mundijambulireko mitengo yomwe ilipo munditumizire, chonde. Muyende bwino achemwali.